Mfuti Yokana Kulowa M'bokosi

Amuna anga, a Tokuji, anayamba kukonza chogwirira cha mfuti yawo patatha chaka chidwalire sitiroko. Matendawo sanakhudze mwendo ndi pakamwa, koma anafooketsa zala ziwiri za dzanja lamanja, chaching'ono ndi chinzake. Zinkapinda, koma osagwira.

Mfutiyo ndi yaing'ono, ya mpweya, yowombera chandamale cha pepala ndi dzanja limodzi. Kwathu kuno chiphaso cha mfuti yotere si chamuyaya. Chikamatha, a bungwe la owombera amayang'ana mapointi ako a pa mpikisano, ndipo akachepa, mfuti umakaisiya kupolisi. Chiphaso cha a Tokuji chinkatha mu Disembala, ndipo mpikisano wotsala unali umodzi.

M'mawa uliwonse, ndikatha kuika mpunga ndi tiyi pa guwa la makolo, ndinkawapeza atayala nyuzipepala patebulo la kukhitchini. Chitsulo cha mfutiyo anachitsekera m'kabati yake, n'kutsala ndi chogwirira cha mtengo chokha. Anapala vanishi yakale ndi sandipepa mpaka mtengo unayera. Kenako ankapaka phala lomatira matabwa, n'kulifinya m'manja mpaka litatenga maonekedwe a chikhatho chawo. Likauma, ankalisalaza ndi tupa.

"Ngati zala zakana kugwira mfuti, Sumie, mfuti igwire zala," anatero.

Anaumba kashelefu pansi pa zala zofookazo, ndi kamtumbira pambali kochirikiza chikhatho. Anagogoda timadontho ndi msomali kuti pasamaterere, n'kupaka mafuta kasanu, kuumitsa pazenera. Fumbi ankasesa okha ndisanayambe kuphika, chinthu chimene sanachitepo pa zaka makumi anayi za ukwati wathu. Sindinawathokoze mokweza, kuopa kuti angasiye.

Kutatsala sabata imodzi kuti mpikisano uchitike kunayamba kuzizira, dzanja n'kuuma kwambiri. Anawonjezera phala lina pa kamtumbira kaja. Atakweza mkono kuloza khoma, chogwirira chinakhazikika, osagwedera. Anayamba kuimba mluzu, koyamba chichokere kuchipatala.

Ine ndinaona kuti rula sanaitulutse m'dirowa. Mkazi wa wowombera aliyense amadziwa za bokosi: mpikisano usanayambe, mfuti amaigoneka m'bokosi loyezera, ndipo chivundikiro chiyenera kutseka. Mawu anafika pakhosi. Koma mluzu uja unali m'nyumba monse, ndipo ndinapita ku guwa, n'kuwauza makolo zimene ndinayenera kuuza amuna anga.

Tsiku la mpikisano, pa tebulo loyezera panali a Kuramochi, mnzawo amene akhala akulimbana naye kuyambira ali anyamata.

"Ee, akufa adzuka!" anafuula a Kuramochi. "Ine ndimasunga suti yakuda, kodi mudakalipo, a Toku?"

"Ndifa bwanji inu musanadziwe kuwombera, madala? Akuphunzitseni ndani?"

"Bweretsani kuno chidole chanucho. Aa, koma kuwala! Mukufuna mapointi kapena mukufuna mkazi wachiwiri? Pepanitu mayi."

Ndinawerama, n'kumwetulira.

A Kuramochi anayeza kulimba kwa kachitsulo kowombera, kanali bwino. Anagoneka mfuti m'bokosi, n'kutsitsa chivundikiro. Chinakhala pa kamtumbira kaja, n'kumapendama. Anaitulutsa, kuigoneka bwinobwino, kutsitsanso. Chimodzimodzi.

"Mwaidyetsa chiyani mfutiyi, a Toku? Yanenepa kuposa ine."

Palibe anaseka. Anthu a pamzere anayamba kuyang'ana nsapato zawo.

A Kuramochi anatsamiritsa chikhatho pa chivundikiro, ngati munthu wotopa, mpata umene unatsala n'kubisika. "Bokosili lakalamba ngati ife," anatero chapansipansi. "Mwina lapindika."

"Chotsani dzanjalo."

"A Toku."

"Munandibwezapo chifukwa cha nsapato, inu. Nsapato! Musayambe lero kundimvera chisoni. Tupa muli nayo?"

Anali nayo. Anaitulutsa m'thumba la zida, n'kukoka mpando wawo womwe kuupereka kwa amuna anga, iwo n'kuyeza anthu ena ataimirira.

Lamulo silindilola kukhudza mfutiyo, choncho ndinagwada n'kutambasula mpango wanga pansi pake. A Tokuji anaipanikiza pa bondo, n'kumapala ndi dzanja lamanzere. Mafuta opaka kasanu aja anachoka atangopala kawiri. Kenako timadontho. Kenako kamtumbira kanayamba kugwera pa mpango, pang'onopang'ono, ngati ufa.

"Bambo," ndinatero, "ndinaona kuti simunayeze."

Tupa inaima.

"Nanenso ndinaona," anayankha, n'kupitiriza.

Kachitatu, chivundikiro chinatseka. A Kuramochi anamata kachizindikiro pa mfuti osanena nthabwala.

Zipolopolo za mpikisano ndi makumi asanu ndi limodzi. Ndinakhala kumbuyo, mikanda yanga yopempherera ili m'manja. Sindinapemphe kuti apambane. Ndinangopempha kuti dzanja lisawachititse manyazi pamaso pa anzawo. Khumi zoyamba zinayenda bwino. Zitakwana makumi awiri, ndinaona mphuno ya mfuti ikupendekera kumanzere, kumene kunali kamtumbira kaja. Ankakweza mkono, kudikira, kutsitsa osawombera, kupukuta chikhatho pa thalauza, kukwezanso.

Ena onse anamaliza. Nthawi zonse munthu akamaliza amalongedza n'kutuluka, koma tsiku limenelo palibe anatsegula chikwama. Anakhala pa mipando yawo, manja pa maondo, mpaka a Tokuji atawombera chipolopolo chomaliza, kutatsala mphindi ziwiri. Anagoneka mfuti, n'kuwerama kuyang'ana chandamale, n'kutembenuka kuweramira anzawo.

A Kuramochi anabwera nalo okha pepala la mapointi, atalipinda pawiri kuti manambala asaonekere. Amuna anga analitsegula, kuyang'ana, n'kulipindanso. Sindinafunse. Ndikudziwa kuwerenga mapewa awo.

"Chaka chamawa mudzandithandize kuyeza," anatero a Kuramochi. "Maso anga atha, ndipo inu bokosi mukulidziwa tsopano."

"Chokani apa, madala."

Anagwirana dzanja nthawi yaitali, lamanzere.

Pobwerera ndinayendetsa galimoto ndine. Anakhala ndi chikwama cha mfuti pa miyendo, manja onse awiri ali pamwamba pake. Tinadutsa minda ya mpunga yokololedwa, tinadutsa mlatho. Titaima pa maloboti a pafupi ndi kwathu, anakhosomola.

"Sumie, wapolisi wa ziphaso uja amapezeka liti?"

"Lachiwiri ndi Lachinayi, bambo."

"Lachinayi," anatero. Kenako anawonjezera, akuyang'ana kunja: "Undiperekeze."

Ndinavomera ndi mutu. Maloboti anasintha, ndipo galimoto ya kumbuyo kwathu inadikira osaliza hutala.