Akamwini a ku Nayuchi

Uladi, mwana wa ku yunivesite wophunzira mbiri yakale, anakhala pa siteshoni ya Nayuchi mutu uli m'manja ngati wafedwa. Aphunzitsi ake, a Wadson, anamutuma kukafufuza mmene mudzi wina wa kufupi ndi nyanja ya Chiuta unayambira. Pepalalo linkafunika Lolemba, ndipo popanda ilo digiri panalibe. Lero Lachisanu.

Masiku atatu anazungulira madoda asanu ndi mmodzi. Aliyense akangoona makina ojambulira mawu, ankatulutsa khadi ya chipani, n'kuyamba kutamanda boma mpaka tepi kutha. Za mudzi, zii.

"Che mwana, mukulirira akazi kapena mimba?" anafunsa mayi wina wogulitsa nsomba zowamba, Abiti Hamadi.

Uladi anafotokoza, n'kutchula madoda onse aja. Mayiwo anaseka mpaka kugwira dengu.

"Iyayi, baba. Onsewo ndi akamwini, anachita kudzakwatira. Winayo ndi wanga, ndinamutola ku Ntaja ali ndi malaya amodzi. Mkamwini amadziwa njira ya kumunda ndi ya kuchimbudzi basi. Mudzi ndi wa ife akazi. Sukulu yonseyo sanakuuzeni?"

"Amayi, chonde, ndiuzeni inuyo." Anagwada pafumbi, buluku loyera lomwelo.

"Chitsulocho ayi, chili ndi makutu a boma. Komanso sitima ndi iyo, nsomba zanga sizidikira mbiri."

Uladi anaponya makina m'chikwama, n'kusenza dengu lija pamutu, mafuta a milamba akutsikira m'khosi. M'sitima anadzipanikiza pakati pa matumba a chinangwa, kope pabondo. Abiti Hamadi anayamba ndi mayi woyamba amene anachoka ku Mozambiki, mphika pamutu, ana atatu pambuyo. Ankati akatchula dzina limodzi, n'kupatukira kukanyoza mlamu wake.

Pa Liwonde, pamene Uladi anayenera kutsika kuti apeze basi ya ku Zomba, mayi woyamba uja anali asanawoloke ndi dambo lomwe.

"Tsikanitu, ophunzira."

Uladi anayang'ana nsanja yotsikirapo, anayang'ana masamba awiri okha amene analemba. Basi ina ikapezeka mawa, kapena ayi. Sitima inaliza, n'kuwoloka Shire.

"Mpaka ku Balaka tifika pa mayi wachingati?"

"Wachiwiri, mukandithandiza kugulitsa."

Uladi ananyambita pensulo, nalemba.