Mudzi wa Bambo Shadreck

Bambo Shadreck anamwalira Lachiwiri m'mawa m'kanyumba kawo ka kuseri kwa yadi ku Daveyton, m'dziko la eni. Anabadwira ku Zimbabwe ndipo ku Malawi sanapondeko, koma ankanena kuti akadzafa uthenga ukafike kumudzi kwa atate awo. Mwana wawo Tinevimbo ali wamng'ono ankamulowezetsa dzina la agogo ake, mfunda, mudzi ndi boma, mpaka ankazitchula ngati nyimbo. Tsopano anali mayi wa ana awiri, ndipo atafuna kuzitchula anapeza zitathawa.

Masana kunabwera a William, mlembi wa bungwe la maliro la Amalawi okhala kumeneko. Ankalondera fakitale ku Spartan, koma kwawo anali mphunzitsi.

"Tandiuzani chimene mukukumbuka, mayi," anatero atakhala pansi.

"Ntcheu basi. Zinazo ndaiwala."

"Kulephera kutchula si kuiwala ayi. Ana anga a sukulu ankalephera kulemba yankho, koma ukawaikira mayankho anayi ankaloza loona. Tiyese choncho."

A William anatsegula buku la mamembala, nalemba midzi makumi awiri ya anthu a ku Ntcheu. Anawerenga pang'onopang'ono, maso ali papepala kuti nkhope yawo isamuuze kanthu. Atafika pa Kalumbu, Tinevimbo anakweza dzanja.

"Bwerezani limenelo."

Iwo sanabwereze. Anati munthu wachisoni amagwira dzina lililonse, ndipo kutumiza uthenga wa maliro kumudzi wolakwika n'koipa kuposa kusautumiza. Anasokoneza ndondomeko ya mayinawo, nawonjezeramo ena opeka, nawerenganso. Tinevimbo anasankha lomwelo.

Kachitatu anadikira ola lathunthu, anthu akulowa kudzapepesa. Ulendo uno anaika Kalumba, dzina lopeka, patsogolo pa Kalumbu. Tinevimbo anabwereza mayina awiriwo chamumtima, milomo ikuyenda.

"Dzina lachiwirilo," anatero. "Bambo ankakoka mawu pakati, kenako amati, 'kwa a Dickson.' Agogo anali a Dickson." Apo ndi pamene anayamba kulira.

M'bukumo munali mayi mmodzi wa kwa Kalumbu, a Gertrude, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Benoni. Mayiwo anaimba foni kwawo. Lachinayi yankho linabwera: kunali bambo wina wokalamba, a Newton, amene amalume awo a Dickson anapita ku Harare iwo asanabadwe. Kalata zinasiya kubwera, ndipo abale analeka kufunsa.

Maliro anaikidwa Loweruka ku Daveyton komweko. A Gertrude anakweza foni m'mwamba kuti a Newton amve nyimbo. Pobwerera kumanda a William anayesa kuwerengera Tinevimbo mifunda isanu ndi itatu, koma iye anapukusa mutu pa yonse. Pamtanda analembapo dzina ndi mudzi basi, popanda mfunda.