Miyendo ya Munira

Munira anakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri akuberekedwabe kumbuyo. Mayi ake, Safiya, akamumanga pansalu, miyendo ya mwanayo inkalendewera mpaka m'mawondo mwa mayiyo, yopingasa ngati sizasi, zala zitaloza pansi. Anabadwa movutikira ndipo anachedwa kulira. Adokotala anati ubongo unavulala pobadwapo. Koma nzeru zinalipo ndithu. Pa msika wa Machipisa ku Harare, pomwe Safiya ankagulitsa masamusa, Munira ankadziwa kasitomala aliyense, ndipo wobwera ndi nkhope yokwinya ankachoka akumwetulira. Mawu ake ankatuluka mochedwa, ambiri a Chishona ngati ana onse a ku Highfield.

Chaka chimenecho miyendo inayamba kumupweteka. Misempha inalimba moti pomusambitsa Safiya ankalephera kuitambasula, ndipo mwanayo ankaluma nsalu kuti asalire. Dokotala wa mafupa m'tauni anamupima nthawi yaitali, kenako ananena kuti pakufunika opaleshoni yomasula misemphayo.

"Sindikulonjezani kuti adzayenda, mayi," anatero. "Koma ululu udzachepa. Adzakhala bwino pampando, mwinanso adzaima."

Atatchula mtengo wake, Safiya anangoti zikomo, n'kubereka mwana wake. Anadzalirira panja, poyembekeza kombi, minibasi ya kumeneko.

Mwamuna wake, Latifu, anali hwindi, woitanira anthu pa kombi yopita ku Kuwadzana. Zomwe ankabwera nazo madzulo zinkathera pa chakudya, matewera, ndi mankhwala a khunyu omwe Munira ankamwa tsiku lililonse. Komabe anayesa. Amayi a mukando, gulu lawo losonkherana, analola Safiya kulandira nthawi yake isanakwane. Anagulitsa filiji. Ku mzikiti anasonkha Lachisanu lina. Zonse ataziika pamodzi, ulendo unali ukadali wautali.

Banjali linkakhala m'zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya bambo ake a Latifu, a Abdalla. Mkuluyu anachoka ku Machinga ali mnyamata, nagwira ntchito m'fakitale ya zovala mpaka tsitsi litayera. Penshoni yawo inasungunuka zaka zija ndalama ya dziko inasanduka mapepala. Chinawatsalira chonyadira chinali chimodzi: sosaiti ya maliro, bungwe lomwe anthu ochokera ku Malawi anayambitsa kalekale kuti aziikana m'manda mwaulemu kudziko la eni. A Abdalla sanadumphitsepo mwezi, ngakhale zaka za njala.

"Ine ndikadzafa sindidzavutitsa munthu," ankakonda kutero.

Mdzukulu wawoyo ankamukonda, koma patali. Ankamusendera malalanje n'kuwaika m'mbale pakhonde, ankamupatsa moni ataima pakhomo, koma kumunyamula ayi. Safiya ankaona zimenezo ndipo zinkamuwawa.

Tsiku lina akukanda ufa wa masamusa, Safiya anafunsa mwamuna wake ngati sosaitiyo singawathandize, poti iwonso anali mamembala.

"Kumeneko n'kwa akufa," anayankha Latifu. "Ukangochita manyazi pamaso pa akuluakulu."

"Manyazi anandithera kale," anatero Safiya.

Lamlungu masana anabereka Munira napita kumsonkhano. Unkachitikira kwa a Idrisa, tcheyamani, pansi pa mtengo wa mapeyala. Amuna anakhala pa mabenchi, amayi pa mikeka. A Abdalla anali pampando wawo wa nthawi zonse pafupi ndi tsinde, ndipo ataona mpongozi wawo akulowa pageti anaweramitsa mutu.

Nkhani zina zitatha, Safiya anapempha mwayi. Anagwada, mwana ali kumbuyo, nafotokoza zonse: misempha, ululu, mawu a dokotala, filiji. Sanapemphe mphatso. Anapempha kuti sosaiti iwabwereke, iwo azibweza pang'onopang'ono.

A Idrisa anali munthu wofatsa, ndipo anayankha mofatsa.

"Mwana wanga, mavuto akowo tikuwaona, si obisika. Koma thumba ili ndi la maliro basi. Chaka chatha tinakaniza mayi wina wodwala impso, tinakanizanso wina wa sukulu fizi. Tikatsegula khomo lero, mawa mmodzi wa ife akagwa tidzapeza m'thumba muli mphepo. Tidzawauza chiyani ana ake?"

Anthu anavomereza ndi mitu. Safiya anadziwa kuti a Idrisa sakunama. Koma Munira anadziwongola kumbuyoko, nabuula pang'ono chifukwa cha kugwada kwa nthawi yaitali, ndipo mawu anatuluka okha m'kamwa mwa mayi ake.

"Ndiye mwanayu akafa mudzabwera, bambo? Mudzabwera ndi galimoto, ndi mpunga, ndi sanda yomukulungira? Koma ali moyo chonchi, ayi?"

Mayi wina anaphimba kukamwa ndi mpango. Safiya anayamba kupepesa, koma asanamalize a Abdalla anali ataimirira, atatsamira ndodo.

"A tcheya, ndifunse nawo. Lamulo lathu limati chiyani munthu akafuna kutuluka?"

A Idrisa anawayang'ana modabwa. "Mukulidziwa, bambo, munalipo polipanga. Wotuluka amalandira gawo la zomwe anasonkha, osati zonse. Dzina limachotsedwa. Ndipo pa msinkhu wanuwo kubwereranso sikutheka."

"Ndichotseni."

Phokoso linabuka. Wina anati mkuluyu wasokonezeka. Mnzawo wa pabenchi anawakoka malaya kuti akhale pansi. A Abdalla anadikira mpaka anthu atatopa.

"Msilamu amafuna chiyani popita?" anatero. "Madzi osambira, nsalu yoyera, dzenje, ndi anthu omupempherera. Si zambiri."

"Dzenje limagulidwa kuno ku Harare," anatero a Idrisa. "Si kumudzi kuno."

"Latifu adzaona chochita. Nthawi ali nayo, sindikufa mawa. Koma mwanayu akumva kuwawa lero."

A Idrisa anawapempha kuti akagone nayo nkhaniyo. Iwo anakana. Pomaliza msonkhano unavomera, anthu akupukusa mitu.

Pobwerera, Safiya anali patsogolo, apongozi ake pambuyo. Anadutsa ana akusewera mpira wa mapepala pamsewu, anadutsa mzere wa zigubu pa mjigo. Atafika pomwe panalibe anthu, Safiya anaima.

"Bambo, sindinabwerere zimenezi. Bwererani mukawauze kuti munangopsa mtima. Zaka zonse zija musazitaye chifukwa cha pakamwa panga."

"Amake Munira, sindinapse mtima."

Anaima kanthawi akupuma, manja onse pa ndodo.

"Ukukumbukira tsiku lija unandipatsa mwanayu ali wakhanda, iwe ukuanika zovala? Anagwidwa khunyu ali m'manja mwanga. Anauma gwa, maso atatembenuka. Ndinkayesa ndamupha ine. Kuchokera pamenepo manja angawa amanjenjemera ndikamuyandikira. Ukamalimbana naye kuseriko akulira, ine ndimamva, koma ndimangokhala m'nyumba ngati chitsa. Lero ndapeza choti ndingachite. Usandilande."

Atayamba kuyendanso, sokosi imodzi inavuka kuphazi la Munira n'kugwera m'fumbi. A Abdalla anawerama movutikira, naitola, naikung'untha pa thalauza. Safiya anatambasula dzanja kuti alandire, koma mkuluyo anagwira yekha kaphazi kolimbako, nayamba kukaveka. Zinawatengera nthawi. Munira anatembenuza mutu, nawayang'ana paphewa pa mayi ake.

"Sekuru," anaitana agogo akewo m'Chishona, akuseka. "Mwa...tembenuza."

Inalidi yotembenuza. Anaisiya choncho.

Kunyumba nkhaniyo sinalandiridwe ndi nthungululu. Latifu anakhala pakhonde atagwira mutu, akuti bambo ake amuvula pamaso pa anthu. Mlongo wake Rahma anabwera kuchokera ku Kuwadzana m'mawa mwake, asanavule n'komwe nsapato anayamba kulankhula.

"Mwawadyera bambo anga maliro awo ali moyo! Tsiku limenelo tidzayenda ndi mbale khomo ndi khomo?"

Safiya anapitiriza kupinda masamusa, funsolo nayenso likumusowetsa mtendere. A Abdalla anatuluka nauza mwana wawo wamkaziyo kuti ngati ali ndi mlandu, mlanduwo ndi wa iwo. Rahma analira, nachoka osatsanzika. Patapita masabata angapo anatumiza bulangete latsopano loti Munira akafunde kuchipatala, koma iye sanabwere.

Gawo la a Abdalla litatuluka, silinakwanebe. Chotsalacho chinali chochepa, ndipo a chipatala analola kuti chizilipidwa mwezi ndi mwezi. A Idrisa nawo anadzera pa Machipisa tsiku lina, nagula masamusa awiri ndi ndalama yaikulu, n'kuchoka mofulumira Safiya akufunafuna chenji.

Opaleshoni inachitika kumayambiriro kwa dzinja. Munira anatuluka miyendo yonse ili m'pulasitala kuyambira m'ntchafu mpaka kuzala, pakati atapingasa kamtengo kuti isagundane. Masabata otsatirawo anali ovuta kuposa momwe Safiya ankaganizira. Mwanayo sankaberekeka. M'pulasitalamo munkayabwa, ndipo ankalira mpaka mawu kusasa. Safiya sakanasiya msika, poti ngongole ya mukando inkamudikira, ndiye a Abdalla ndiwo ankatsala naye masana. Poyamba ankakhala pampando pakhomo, foni ili m'manja kuti chikachitika chilichonse aimbe. Kenako mpando unasendera pafupi ndi bedi. Tsiku lina Safiya pobwera anapeza mkuluyo akumumwetsa phala ndi supuni, malaya awo onse ali phala lokhalokha, awiriwo akukangana ngati dzina la mbalame ina ndi la Chichewa kapena la Chishona.

Tsiku lochotsa pulasitala anapita atatu, chifukwa Latifu sakanasiya kombi. Makina odulira atayamba kulira, Munira anakuwa nagwira ndevu za agogo ake, ndipo iwo anapirira osasuntha mpaka ntchito itatha. Miyendo inatuluka yowonda, yotuwa, khungu likusendeka. Koma inali yotambasuka, uliwonse pawokha.

Mayi wophunzitsa mafizo, dzina lake Iris, anauza Safiya kuti amugwire mwanayo m'khwapa, namutsitsa pang'onopang'ono kuchoka pabedi. Safiya anamva thupi lonse la Munira likunjenjemera m'manja mwake. Zala zinakhudza simenti, monga kale. Kenako Iris anakanikiza mawondo mofatsa, ndipo zidendene, zomwe chibadwire zinali zisanapondepo pansi, zinatsika mpaka kugunda.

Munira anatsegula pakamwa, nayang'ana mapazi ake nthawi yaitali.

"Amai," anatero. "Kuno...tonhora."

"Akuti pansi pakuzizira," Safiya anauza apongozi ake, ngati kuti iwo sanamve.

"Ndi mmene pamakhalira," anatero a Abdalla, akupukuta m'maso ndi chipewa. "Uzolowera."

Sanaime nthawi yaitali. Mawondo anafooka ndipo Safiya anamukweza. Iris anawakhazika pansi nawafotokozera zotsatira: mafizo kawiri pa sabata, nsapato zachitsulo zomwe ziyenera kusinthidwa mwana akamakula, ndiponso kuti kuyenda asakuyembekezere msanga, mwina osakuyembekezera n'komwe. Zonsezo zinali ndi mtengo wake. Safiya anamvetsera, mtima ukuwerengera kale masamusa.

Iris anayamba kumuonetsa mmene aziwongolera miyendoyo kunyumba, dzanja limodzi pa bondo, lina pansi pa phazi. A Abdalla anatsamiritsa ndodo kukhoma, nakwinya manja a malaya.

"Onetsani ine, mayi," anatero. "Uyu masana amakhala kumsika."