Malikisi 79 a Anastazia

M'chaka cha 2006, Felix, yemwe ankaonetsa mafilimu kuseri kwa sitolo yake pa Kamwendo, anabwera ndi masewera achilendo kuchokera ku Chipata. Unali mkeka wapulasitiki wa mivi inayi, wolumikizidwa ku wailesi yakanema. Nyimbo ikayamba, mivi inkakwera pagalasi, ndipo wovina ankayenera kuponda muvi woyenera pa nthawi yake yeniyeni. Pamapeto makinawo ankapereka malikisi. Wosafika 80 sankaloledwa kupita ku nyimbo yotsatira.

Anastazia analowamo tsiku la msika pothawa mvula. Anali mayi wa ana anayi, wogulitsa mtedza, ndipo kwa zaka khumi ndi zisanu ndiye ankaimba ng'oma m'kwaya ya tchalitchi cha ku Guilleme. Anaima pakhomo n'kumaonerera ogulitsa kaunjika akugwa mmodzimmodzi pa nyimbo yachitatu.

"Mukupondatu ngati mukuzima moto," anatero.

"Tayesani inuyo, mayi," Felix anayankha.

Anavula nsapato, n'kumangitsa chitenje. Nyimbo ziwiri zoyamba anadutsa mosavuta. Yachitatu itatha, pagalasi panatuluka 62.

"Chinthu chanuchi n'chabodza. Sindinaphonye ngakhale muvi umodzi."

"Kuphonya simunaphonye, koma mumachedwa pang'ono," Felix anatero. "Chimawerenga zimenezonso."

Ali m'njira yakumudzi anavomereza mumtima kuti Felix sananame. Kutchalitchi anazolowera kudikira pang'ono kuti okhala kumbuyo apume kaye asanalowe ndime ina, ndipo kudikirako kunali kutakhazikika m'miyendo momwe.

Kuseri kwa nkhokwe analemba mivi inayi pansi ndi kamtengo. Akaweruka kumunda ankapondapo, akung'ung'udza nyimbo ija. Tsiku la msika lililonse ankasiyira mnzake Rhoda dengu la mtedza n'kukayesa kamodzi kokha. Anapeza 70, kenako 74, kenako anabwerera pa 68, tsiku limene ankamva mutu.

Lamulungu lina Misa itatha, a Mateyo, otsogolera kwaya, anamuitanira pambali.

"Mayi, masiku ano mukuthamangira kuti? Ng'oma ikufika yokha, anthu akutsala m'mbuyo."

"Ndikuimba pa nthawi yake, bambo."

"Nthawi ya ndani?"

Lamulungu lotsatira Anastazia anayambanso kuwadikira anthu, koma kuseri kwa nkhokwe sanasiye.

Mu Meyi, mtedza watsopano utadzaza msika, anavina chipinda chili thothotho ndi anthu. Sanamve phokoso lawo, ankangomva mapazi ake pa pulasitiki. Nyimbo itatha panatuluka 79.

Anthu anakuwa kuti Felix angomutsegulira yachinayi, popeza mayiyo wangoperewera ndi malikisi amodzi okha kuti afike 80.

"Ine ndilibe kiyi wake," Felix anatero. "Chimatsegula chokha."

Anastazia anavala nsapato, nati abweranso.

Sabata yotsatira anapeza muvi wakumanzere utafa. Waya wake anali ataduka m'kati, ndipo amene ankakonza mawailesi pamsikapo analephera kuulumikiza. Felix anatuma amalonda awiri kuti akafunefune mkeka wina ku Chipata, koma anabwera chimanjamanja. Makinawo Felix anawagulitsa kwa munthu wa ku Lilongwe.

Mkekawo anapatsa Enoki wa kabaza, yemwe anaudula n'kukutira mpando wa njinga yake. Mu Ogasiti Anastazia anakwera njingayo ali ndi dengu pamiyendo. Anauzindikira muvi wofiira wa mkeka uja asanakhalepo. Anamuuza Enoki kuti adzere njira yakumunsi, chifukwa yakumtunda inali ndi mchenga wambiri.