Zonse M'dzina la Achimwene

"Zikukana," anatero wosindikiza, akugogoda kompyuta ndi chala chodetsedwa ndi inki. "Fayilo iliyonse ikuti si yanga."

Namawaya anali asanatule n'komwe chikwama. Dzinali anamupatsa ndi malemu bambo ake, eni shopu yosindikizirayi, poti mawaya ndi makompyuta onse ankasamala ndi iye. Pabenchi panali mayi wina, akudikira makadi a ukwati wa mwana wake.

Analowa m'kachipinda ka kuseri, momwe seva, kompyuta yosunga ntchito zonse za shopu, inkalira pansi pa mashelefu a mapepala. Mu seva fayilo iliyonse imakhala ndi mwini wake. Za wosindikiza n'za wosindikiza, za makina n'za makina. Atayang'ana, mtima unamuwawa. Zonse zinali m'dzina limodzi, la mchimwene wake wamkulu. Ngakhale foda ya bambo, ya zojambula zawo zakale, imene iye anaisiya dala m'dzina lawo.

"Achimwene!"

Mchimwene wakeyo anabwera ndi kapu ya tiyi m'manja.

"Mwatani kuno?"

"Ine? Ndimangofuna kuona foda ya bambo. Imandikana. Woyamba kubadwa ine, kukanidwa ndi bokosi?"

"Pasiwedi ija yotsegula zonse ndinakupatsani kuti ndikadwala shopu isaime."

"Ndinapeza lamulo losinthira mwini wake pa intaneti. Mzere umodzi wokha."

"Mzere umodzi! Munafuna nthambi, mwagwetsa mtengo wonse. Safunsa anadya phula, achimwene."

"Ndiye vuto n'chiyani? Shopu si yathu?"

"Yathu. Koma apa palembedwa kuti yanu."

Wosindikiza anasuzumira pakhomo. "Bwana, poti zonse n'zanu tsopano, ndi inki yomwe muzithira nokha."

"Iwe, choka apo!"

Mayi uja anaimirira. "Ana inu, makadi anga alipo kapena ndipite kwina? Kuchimuna akundiyesa wabodza."

"Alipo, mayi," anatero Namawaya. "Achimwene akupatsani tiyi. Mutu ukakula sulewa nkhonya."

Anatseka chitseko. Anatulutsa m'kabati disiki yokhala ndi kope la mafayilo la sabata yatha.

"Ingobwezera zonse kuchokera mmenemo," mchimwene wake anakuwa ali kunja.

"Ndifufute makadi a mayiwa, opangidwa dzulo? Mwathandiza kale, zakwana."

Mafayilo sanawakhudze. Anauza seva kuti ione m'kope lija mwini wa fayilo iliyonse, n'kumubwezera chake. Za makina zinabwerera kwa makina. Zatsopano, zimene kope silinkazidziwa, anazikonza ndi manja, imodziimodzi, akukukuta mano. Dzuwa litafika pamutu, makina osindikizira anatsokomola, n'kuyamba kulavula makadi. Mayi uja anatenga limodzi, naliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, nakhala pansi.

Inatsala foda ya bambo. M'kope munalibe, poti sinkasintha. Mchimwene wake analowa, naima kumbuyo kwake, kapu ili yopanda kanthu.

"Imeneyo isiye choncho," anatero motsitsa mawu. "Akufa sakhala ndi katundu."

Namawaya sanatembenuke. Anakumbukira mpando wa bambo, umene tsopano unali mu ofesi ya mchimwene wake. Makiyi a galimoto. Wotchi imene inali pamkono womwe unagwira kapuwo. Palibe chimene mchimwene wakeyo anapempha. Zonse zinkangopezeka kuti zasamuka.

Analemba dzina la bambo, nadina batani.

"Ndakutsegulirani," anatero. "Kuona mutha kuona, nthawi iliyonse. Kusintha ayi."

"Nanga pasiwedi?"

"Ndasintha."

"Ukadwala?"

"Mudzabwere kudzandizonda. Mudzafunse."

Mchimwene wake anaika kapu ija pashelefu. Kenako anakoka kampando, nakhala pambali pake. Pagalasi la kompyuta panaoneka chojambula choyamba cha bambo, chikwangwani cha shopu, zilembo zake zopendekeka pang'ono.