Dazi la a Lumo Pakhoma la Msika

Lolemba m'mawa a Lumo, bambo wometa tsitsi pafupi ndi msika, anapeza nkhope yawo ili pakhoma.

Khomalo linali litada ndi utsi, ndiye komiti ya m'deralo inaitana mayi wina wojambula kuti alikongoletse ndi zithunzi zophunzitsa ukhondo. Zinatuluka zokongola ndithu: ana akusamba m'manja, amayi akusesa. Koma pakati penipeni panali bambo akukhuthulira ndowa ya zinyalala m'ngalande, ntchentche zitamuzinga. Dazi lowala lija, mpata wa m'mano uja, epuloni yachikasu ija, zonse zinali za a Lumo. Ngakhale khanda likanawaloza.

Sabata imeneyo mpando wometera unachita fumbi. Amayi ankadutsa ndi ana awo kukametetsa kwina. "Munthu wauve chonchi angatsuke makina ometera?" wina anatero mokweza, mwadala. A Lumo zinawawawa mumtima. Zaka khumi ndi zisanu akumeta mitu ya anthu omwewa!

"Mayi a ana, andichotsa ulemu," anadandaula kunyumba.

"Koma bambo, akujambulani bwino," anayankha akazi awo akupinda zovala. "Pakhomapo mukuoneka ngati mnyamata."

"Ukuseka eti?"

"Ayi. Kungoti tsitsi limene mumasesa lija, mumakataya kuti?"

"Tsitsi si zinyalala!" a Lumo anakalipa, n'kutuluka.

Loweruka anatenga chitini cha penti yakuda ndi bulashi, ulendo kukhoma kuja, mtima uli m'mwamba. Atangoviika bulashi anamva mawu kumbuyo.

"Mwadzuka bwanji, a Lumo? Mwasintha ntchito kodi?"

Anali alangizi a zaumoyo, amenenso ali m'komiti.

"Ndikufufuta bodza ili, alangizi. Makasitomala onse andithawa."

"Mukudandaula zomveka. Koma khomali ndi la tonse. Mukalipaka zakuda, mlandu ukhala wanu, ndipo anthu azinena kuti mwabisa chifukwa n'zoona. Ikani bulashiyo pansi, tiitane komiti ndi wojambulayo."

Masana omwewo anakumana pakhoma pomwepo, anthu a mumsika ataunjikana. Mayi wojambula uja anagwira m'manja mwaulemu.

"Pepani kwambiri, bambo. Sindinafune kukunyozani. Ndinkasowa chitsanzo cha munthu wotaya zinyalala. Ndiye tsiku lililonse ndikakweza maso ndili pamakwerero paja, ndinkangoona inuyo ndi ndowa pangalande."

Msika wonse unafa nacho chiseko. A Lumo anangoti kukamwa yasa, akukanda dazi.

Alangizi anakweza dzanja. "Tisaseke kwambiri, olakwa tilipo ambiri. Oyamba ndife a komiti. A Lumo, tikanakuonetsani chithunzichi papepala chisanakwere pakhoma, kuti muvomereze. Safunsa anadya phula. Inu mayi, nkhope ya munthu sijambulidwa popanda chilolezo chake, ngakhale atalakwa. Ndipo inu a Lumo, tsitsi limakola mapepala ndi mapulasitiki, ngalande n'kutseka. Madzi akaima, udzudzu umaswana, odwala n'kukhala ana athu."

"Ndamva," anatero a Lumo motsitsa mawu. "Ndimayesa limangopita ndi madzi."

"Mawa ndifufuta nkhopeyi," anatero wojambula.

A Lumo anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, mutu atapendeketsa.

"Iyayi, mayi, musathamange. Dazili mwalikhoza. Chotsani ntchentchezi, ndowayo izikhuthulira m'bini. Pamenepo ndavomera, anthu onsewa ndi mboni."

"Ndiye mukagule bini yeniyeni," akazi awo anaponya mawu ali kumbuyo. "Chithunzi chisaname."

Pofika Lachitatu, a Lumo a pakhoma anali akumwetulira pambali pa bini, ndipo a Lumo enieni anali ataika yawo pakhomo la shopu. Amayi anayambiranso kubwera ndi ana awo. Benchi yodikirira inadzaza mpaka ena anakhala pa njerwa, ndipo tsikulo a Lumo anaiwala ndi kudya komwe.

Khoma la m'dera ndi la tonse. Tisanajambulepo, tigwirizane kaye, ndipo tisaike nkhope ya munthu popanda kumupempha. Chithunzi chikatikhumudwitsa, tisachiwononge: tikadandaule ku komiti.