Mfuti ya Kuseri kwa Kabati

Akuba atathyola khola la nkhuku kwa aneba, amayi ake a Telala anagamula mlandu ali chiimire pakhomo la khitchini: mfuti ya abambo ikakonzedwe.

Mfutiyo inkakhala kuseri kwa kabati, itakulungidwa m'bulangete lakale. Abambo anagwira nayo ulonda pa nyumba yosungiramo katundu ya kampani ina kuyambira Telala asanabadwe mpaka mawondo atakana, ndipo kampaniyo potseka inawasiyira pamodzi ndi chilolezo chake. Ana onse anakula akuilambalala ngati apongozi. Telala yekha, poti ndi mwana woyamba, ndiye ankaloledwa kugwirizira nsanza abambo akamaipukuta. Ngakhale pano, ali mayi wa ana ake, mafuta a makina ake osokera ankatha msanga, ndipo iye ankadziwa bwino kumene akupita.

Abambo anayesa kuzemba. "Isiyeni ipume, yakalamba ngati mwini wake."

"Okalamba ndinu. Chitsulo sichikalamba," anatero amayi. M'nyumba imeneyo amayi akanena chinthu kawiri ndiye kuti lamulo ladutsa.

Choncho tsiku limene abambo anapita kuchipatala kukatenga mankhwala a mawondo, Telala anatseka shopu yake nanyamula bulangete lija. Wokonza mfuti anali ndi kachipinda kuseri kwa malo owotcherera zitsulo, konunkha girisi, kokhala ndi zenera limodzi. Anali mkulu wa magalasi okhuthala, wa anthu aja amene amacheza bwino ndi zitsulo kuposa ndi anzawo. Ataona chilolezo, anaigoneka mfutiyo patebulo mwaulemu, n'kuyamba kuyendetsa chala pamwamba pake.

"Mwakaona kachisoti kachifumu aka, mayi? Ndi chidindo cha boma lomwe linaipanga. Manambala awa ndi chaka chake. Inabadwa agogo anu akadali anyamata." Anakoka chitsulo chotsekera chipolopolo, nachitembenuza. "Nambala ya apa ndi ya pathupi sizikugwirizana. Chotsekerachi ndi cha mfuti ina. Tinene kuti banja lake ndi lachiwiri."

Telala anaseka. Mtima unkamukoma kumva mbiri ya chinthu chomwe anakula nacho.

"Timivi tiwiri tolozanati tikutanthauza kuti asilikali anathana nayo, anaigulitsa kwa anthu wamba," anapitiriza mkuluyo.

Kenako chala chija chinaima pathabwa, pamene panali utoto wakuda wochindikala. Mkuluyo anapala pang'ono ndi kampeni. Pansi pake panatulukira mzere woyera ndi zilembo ziwiri zodinda mozama. Anadzutsa mfutiyo, nailozetsa kuzenera, nasuzumira mumpope. Anasuzumira nthawi yaitali ndithu.

"Mayi, mfuti imeneyi munaimvapo ikulira?"

Telala anafufuza ubwana wake wonse, ndipo sanapeze tsiku ngakhale limodzi.

"Iyi ndi ya perete," anatero mkuluyo motsitsa mawu. "Yophunzitsira asilikali atsopano kuguba. Mpope anautseka ndi chitsulo, msomali womenya chipolopolo anaudula, ndipo zonsezi anachita asanaigulitse. Ngakhale mutaisalira kudya, siingawombe."

M'minibasi pobwerera Telala anakhala ataikumbatira, m'maso muli gwa. Anakwiya ndi kampani yomwe inapatsa munthu ndodo n'kumuuza kuti ndi mfuti. Koma chisoni chinaposa mkwiyo. Abambo ake, amene ankaipukuta ngati khanda, moyo wawo wonse ananyadira chinthu chakufa. Akawauza bwanji? Munthu wa msinkhu umenewo ukamulanda chomwe amanyadira, umamusiyira chiyani? Anaganiza zonama, koma iye bodza silinkamukhala, abambo ankamugwira asanamalize n'komwe chiganizo.

Anawapeza atabwerako kale, atakhala pampando wawo pakhonde, miyendo ataiwongola. Amayi ankachapa kuseri kwa nyumba, akuyimba. Abambo anayang'ana bulangete lija, kenako nkhope ya mwana wawo.

"Wakaionetsa."

Telala anagwada pambali pa mpando. "Ababa, anthu a kampani aja anakupusitsani. Mfutiyi…"

Abambo anafunyulula bulangete, napeza pamene panapalidwa paja, napasisita ndi chala chachikulu. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Telala anayesa akulira, koma kunali kuseka.

"Kundipusitsa ine? Ndinasuzumira mumpopemu sabata yoyamba yomwe. Utoto waupalitsawu ndinapaka ndine."

"Ndiye munkadziwa? Nanga osaisiya bwanji ntchitoyo?"

"Ndikaisiye ndipite kuti? Iwe unali m'mimba, lendi ikudikira. Komanso wakuba sabwera kudzasuzumira mumpope. Ndikamva tswa kumpanda, ndinkangokoka chotsekerachi kuti khwa-khwa, n'kutsokomola ngati munthu woti anaphapo. Ena ankasiya ndi nsapato zomwe."

"Simunkaopa?"

"Ndinkaopa, mwana wanga. Ukuyesa mawondowa anatha ndi kuyenda? Anatha ndi kunjenjemera."

Telala anaseka misozi ikutsika. Anawayang'ana abambo ake, timanja tawo towonda, kolala yomwe anaitembenuza yekha mwezi watha, ndipo anawakonda kuposa mmene anawakondera ali mwana, nthawi yomwe ankayesa kuti palibe chimene amaopa.

Nyimbo ya kuseri ija inaduka. "Kodi wabwera? Akuti bwanji okonzawo?"

Abambo anamugwira Telala pamkono mwamphamvu yomwe iye sankadziwa kuti akadali nayo.

"Amako asamve," ananong'ona. "Ine ndikapita kuntchito, iwo ankapeza tulo chifukwa cha chitsulo chimenechi. Woopa mmodzi anali wokwanira."

Telala anapukuta m'maso ndi nsonga ya bulangete, nakonza pakhosi.

"Akuti ilibe vuto, amayi!"